Lamulo labwera, koma odwala matenda a muubongo akugwera pamphambano

Pomwe aphungu a Nyumba ya Malamulo adavomereza lamulo latsopano lokhudza matenda a muubongo mu 2025, omenyera ufulu wa odwala adaomba m'manja, ndipo padali chifukwa chomveka. Lamulo lomwe limagwira ntchito kufikira nthawiyo, la Mental Treatment Act, lidalembedwa mu 1948, dziko lino likutchedwabe Nyasaland. Mankhwala ambiri amene madotolo akupereka lero adali asadatulukiridwe. A chlorpromazine, omwe ndi odziwika kwambiri m'zipatala za boma, adayamba kugwiritsidwa ntchito ku France mu 1952, ndipo chipatala cha Zomba Mental chidatsegulidwa chaka chotsatiracho. N'zosadabwitsa kuti lamulo lakalelo lidatsamira kwambiri pa kusunga wodwala kutali ndi anthu kusiyana ndi kumuthandiza kuti abwerere kwawo.

Lamulo latsopanoli laika patsogolo ulemu ndi ufulu wa wodwala. Koma anthu ambiri omwe akumwa mankhwala a muubongo masiku ano sali muwodi. Ali kuntchito, kumsika, kusukulu zaukachenjede ndi m'mabanja mwawo, ndipo chomwe amasowa kawirikawiri ndi munthu wodziwa amene angawauze chochita ndi mapiritsi awo moyo ukasintha. Mayi akatenga pathupi, apitirize kumwa? Munthu akapezeka ndi HIV kapena TB, mankhwala atsopanowo agwirizana ndi akale aja? Nanga wokwera basi ya ku Joni, jakisoni wa mwezi wamawa akabayitsa kuti?

Mafunso amenewa sakhala pamitu ya nyuzi, komatu mpomwe anthu amene adachira bwinobwino amagwera. Kusintha kwakukulu pamoyo, kaya n'kwabwino kaya n'koipa, kumasokoneza tulo ndi kubweretsa nkhawa, zinthu zomwe zimadzutsa matendawa. Pa nthawi yomweyo, thupi limatha kusintha momwe limalandirira mankhwala, ndipo munthu amene amakumbutsa wodwala kumwa mapiritsi kapena kumuperekeza kuchipatala amatsala m'mbuyo.

Nkhani ya uchembere ndiyo yovuta koposa. Mayi amene akumwa mankhwala a muubongo akazindikira kuti ndi woyembekezera, chinthu choyamba chomwe amachita nthawi zambiri n'kusiya kumwa. Achibale amamulimbikitsa kutero, ndipo nthawi zina ngakhale wazaumoyo amene sadaphunzire mozama za matendawa amavomereza. Maganizo ake ndi abwino, oteteza mwana. Koma kafukufuku amene adasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2006, yemwe adatsatira amayi 201 a ku America omwe adadwalapo matenda okhumudwa, adapeza kuti 68 mwa 100 alionse amene adasiya mankhwala adadwalanso ali ndi pathupi. Mwa omwe adapitiriza kumwa, adadwalanso ndi 26 mwa 100 alionse. Mayi wodwala sadya mokwanira, amajomba kusikelo, ndipo moyo wake umakhala pachiswe. Kusiya mankhwala nako kuli ndi zoopsa zake kwa mwana yemwe akufuna kutetezedwayo.

Izi sizikutanthauza kuti mankhwala onse ndi abwino kwa mayi woyembekezera. A sodium valproate, omwe amaperekedwa kwa odwala khunyu komanso matenda a bipolar, omwe munthu amati nthawi ina kutakataka mopyola muyeso osagona, nthawi ina kukhumudwa kotheratu, ndi oopsa kwa mwana wosabadwa. Mwa ana 10 alionse amene mayi awo amamwa mankhwalawa ali ndi pathupi, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi chilema monga kutseguka kwa msana, pomwe mwa ana onse obadwa, chiwerengero chimakhala awiri kapena atatu pa 100. Ana 30 mpaka 40 mwa 100 alionse amadzachedwa kuyankhula, kuyenda kapena kuphunzira. Kaamba ka ichi, dziko la Britain lidakhwimitsa malamulo a mankhwalawa mu 2018, ndipo mu 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza kuti asamaperekedwe kwa amayi ndi atsikana a msinkhu wobereka.

Apa mpomwe nkhaniyi imakhudza Malawi mwapadera. Msana ndi ubongo wa mwana zimaumbika m'masiku 28 oyambirira, nthawi yomwe amayi ambiri amakhala asadadziwe n'komwe kuti aima. Kafukufuku wa boma wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 24 okha mwa 100 alionse ndiwo amayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo pafupifupi ana anayi mwa 10 alionse amabadwa kuchokera ku pathupi posakonzekera. Choncho namwino wa kusikelo akamafunsa za mankhwala, nthawi zambiri madzi amakhala atafika kale m'khosi. Malo oyenera kukambirana nkhaniyi ndi kukiliniki ya matenda a muubongo ndi khunyu, tsiku lomwe mtsikana wa zaka 15 akulemberedwa mankhwalawa koyamba, ngakhale gadiyani wake achite manyazi kumva za kulera.

Ndipo mayi amene watenga kale pathupi akumwa valproate sayenera kungosiya payekha, makamaka ngati ali ndi khunyu, chifukwa kugwa kosalekeza kungaphe iye ndi mwana yemwe. Choyenera n'kufika kuchipatala sabata yomweyo kuti dotolo aone mankhwala ena olowa m'malo ndi kumupatsa folic acid.

Chodabwitsa china n'chakuti pathupi pakamakula, mlingo wa mankhwala ena umafunika kukwezedwa, osati kutsitsidwa. Magazi amachuluka m'thupi, impso ndi chiwindi zimagwira ntchito mofulumira, motero mankhwala monga lithium ndi lamotrigine amatuluka msanga. Mayi akangochira, thupi limabwerera mwakale m'masiku ochepa, ndipo mlingo womwe udali woyenera mwezi wathawo umasanduka wochuluka. M'maiko olemera izi amazitsatira poyeza magazi pafupipafupi. Kuno, zipatala zambiri za m'maboma sizingathe kuyeza zimenezi, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe madotolo amazengerezera kupereka lithium.

Masabata awiri oyambirira a chikuta ndiwo oopsa kuposa nthawi ina iliyonse. Mwa amayi 1,000 alionse amene achira, mmodzi kapena awiri amasokonekera mutu mwadzidzidzi: sagona, amayankhula zosamveka, amaopa mwana wawo kapena kukhulupirira kuti wina akufuna kumuba. Kwa mayi wa matenda a bipolar, chiopsezo chimafika pa mmodzi mwa asanu alionse. Awa ndi matenda ochizika, ndipo kwa amene amadziwika kale kuti ali pachiopsezo angathe kupewedwa. Koma mayi amatulutsidwa m'chipatala tsiku limodzi kapena awiri atachira, n'kupita kwa amayi ake kumudzi, komwe zizindikiro zoterezi anthu amayamba azitengera kwa sing'anga kapena kumapemphero. Chikhalidwe cha chikuta chili ndi ubwino womwe achipatala angaugwiritse ntchito, pakuti mayi amakhala ndi anthu omusamala usana ndi usiku. Chosowa n'choti anthuwo auzidwe zoyenera kuyang'ana, komanso kuti amulandire mwana usiku kuti mayiyo agoneko. Za kuyamwitsa, mankhwala ambiri okhumudwa monga amitriptyline ndi sertraline amalowa pang'ono chabe mumkaka, choncho sichifukwa chomuletsera mwana bere dotolo asadanene.

Mankhwala a carbamazepine, omwe nthawi zambiri ndiwo amalowa m'malo mwa valproate m'zipatala za boma, ali ndi khalidwe lawo lomwe odwala ambiri sauzidwa. Amachititsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena mofulumira. Mayi amene akulera ndi mapiritsi kapena njira ya pamkono monga Jadelle ndi Implanon angathe kutenga pathupi njirayo ili m'thupi, ndipo kunyumba kumabuka mkangano wa amene wanama. Jakisoni wa Depo ndi lupu sizisokonezedwa ndi mankhwalawa. Ndi nkhani ya mphindi ziwiri kuifotokoza, koma kukiliniki yolera ndi kukiliniki ya muubongo ndi zitseko ziwiri zosiyana, zotsegulidwa masiku osiyana.

N'chimodzimodzi ndi ma ARV. Kuyambira mu 2019, anthu ambiri m'dziko muno akumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir. Carbamazepine, phenobarbitone ndi phenytoin amachepetsa mphamvu ya dolutegravir m'magazi, zomwe zingapatse mpata kachilombo kuti kachulukanenso ndi kuyamba kupima mphamvu ndi mankhwala. Kwa womwa carbamazepine, njira yake n'kuonjezera piritsi lina la dolutegravir kuti azimwa kawiri patsiku. Ogwira ntchito kukiliniki ya ma ARV akudziwa kale zimenezi chifukwa ndi zomwe amachita kwa odwala TB amene akumwa rifampicin. Vuto n'lakuti wodwala TB amadziwika, pomwe womwa mankhwala a muubongo amabisa. Ena amakhala ndi timabuku ta kuchipatala tiwiri, kena ka matenda oti anthu angaone, kena kobisa pansi pa sutikesi. Rifampicin yemweyo amafooketsanso haloperidol ndi risperidone, kotero munthu amene wakhala bwino zaka zambiri angayambe kudwalanso patangotha masabata ochepa chiyambireni mankhwala a TB, achibale n'kumati waleka kumwa pomwe akumwa mokhulupirika.

Kubisaku kumafika pachimake pa nthawi ya ukwati. Mabanja ambiri amaopa kuti mbali inayo ikadziwa, chinkhoswe chitha. Mnyamata amapita kuchikamwini, kapena mtsikana kuchitengwa, atasiya mapiritsi kwa amayi ake, omwe kwa zaka zonsezi ndiwo amasunga botolo ndi kuwerenga masiku. Miyezi ingapo ikadutsa matenda amabwerera, ndipo chinsinsi chija chimaululika m'njira yochititsa manyazi kuposa momwe chikadaululikira pakukambirana kwa ankhoswe. Wophunzira amene wasankhidwa kupita ku UNIMA, MUBAS kapena Mzuni amakumana ndi zofanana. Msinkhu wake ndi womwe matenda monga schizophrenia ndi bipolar amakonda kuyamba, ndipo akafika kumeneko amapeza kuchezera usiku powerenga, mowa, chamba, ndi chipinda chogona anthu angapo momwe kumwa mapiritsi usiku uliwonse kumadzutsa mafunso.

Kusamuka kukuonetsa poyera kusiyana kwa chisamaliro cha matenda awiri omwe onse ndi a mgonagona. Womwa ma ARV akafuna kusamuka ku Mangochi kupita ku Mzuzu amapatsidwa kalata yomusamutsa, ali ndi nambala yake, ndipo akakhala paulendo angathe kulandira mankhwala apangozi pachipatala china. Amene akupeza bwino amalandira a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Womwa mankhwala a muubongo ali ndi kabuku ka kuchipatala kokha, ndipo akatswiri ambiri ali ku Zomba, ku Queens mumzinda wa Blantyre ndi kuzipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. M'maboma ntchito yonse ili m'manja mwa anamwino ndi ma clinical officer ochepa, omwe ulendo wawo wa kuzipatala zazing'ono umadalira kuti galimoto ili ndi mafuta.

Namondwe wa Freddy, yemwe mu March 2023 adapha anthu oposa 1,000 ndi kusowetsa pokhala anthu oposa 600,000 m'chigawo cha kummwera, adaonetsa kufooka kwa dongosolo lodalira kabuku. Madzi ndi matope atakokolola nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, timabuku ndi mapiritsi zidapita limodzi. Munthu amene amangodziwa kuti amamwa "toyera tiwiri usiku" sangathandizidwe mosavuta kumsasa, ngakhale mankhwalawo atakhalapo.

Opita ku South Africa ali ndi msampha wina. Jakisoni wa mwezi ndi mwezi, monga wa fluphenazine, amatha pang'onopang'ono m'thupi, kotero munthu amakhala bwino miyezi iwiri kapena itatu ataphonya, n'kuganiza kuti adachira. Matenda akamadzabwerera, palibe amene amakumbukira za jakisoni uja. Pa nthawiyo munthu ali kutali ndi abale, mwina alibe zikalata, ndipo mu 2025 gulu la Operation Dudula lidafika poima pazipata za makiliniki ku Johannesburg kubweza anthu a maiko ena.

Pali kusintha mankhwala kwina komwe sikuchokera kwa dotolo kapena wodwala, koma pawindo la famase. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, komanso ndi kusowa kwa ndalama zakunja, mankhwala ogula kunja adakwera mtengo, ndipo kusowa kwa mankhwala m'zipatala za boma, zomwe zimadalira Central Medical Stores Trust, ndi nyimbo yomwe aMalawi adaizolowera. Wodwala amene wakhazikika pa risperidone akauzidwa kuti kulibe, amapatsidwa haloperidol kapena chlorpromazine. Onsewa amachiza, koma safanana. Haloperidol amakonda kuumitsa thupi ndi kunjenjemeretsa manja, chlorpromazine amagonetsa. Kwa mphunzitsi, dalaivala kapena telala, kusiyana kumeneku ndi nkhani ya ntchito yake, ndipo ambiri amasankha kusiya kusiyana ndi kuoneka ngati aledzera. Mankhwala ena, monga diazepam ndi phenobarbitone, akasiyidwa mwadzidzidzi atamwedwa nthawi yaitali amatha kugwetsa munthu ngati wa khunyu.

Pali mbali ina yomwe achipatala nawo ayenera kuivomereza. Odwala ambiri amasiya mankhwala mobisa chifukwa akafunsa kuti adzasiya liti, yankho limakhala lakuti apitirize basi. Kukiliniki komwe namwino mmodzi akuona mzere wa anthu ochuluka, chophweka n'kukopera zomwe zidalembedwa mwezi watha, ndipo munthu angathe zaka 10 pamlingo womwe adapatsidwa tsiku lomwe adadwalitsitsa. Atafika zaka 65, impso ndi chiwindi zitafooka, mlingo womwewo wa amitriptyline kapena chlorpromazine umamuchititsa chizungulire, kugwa ndi kusokonezeka, anthu n'kumati ndi ukalamba.

Funso loti adzasiya liti lili ndi mayankho. Kwa wodwala matenda okhumudwa koyamba, malangizo ndi oti apitirize kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi atachira. Kafukufuku wa ANTLER wa ku Britain, yemwe adasindikizidwa mu 2021, adatsatira anthu 478 omwe adamwa mankhwala otere nthawi yaitali. Pakutha pa chaka, 56 mwa 100 alionse amene adasiya adali atadwalanso, poyerekeza ndi 39 mwa omwe adapitiriza. Ziwerengerozi zikunena zinthu ziwiri: kupitiriza kumateteza, komanso anthu 44 mwa 100 amene adasiya sadadwalenso m'chakacho. Pa matenda a schizophrenia chithunzi n'cholimbirapo. Kafukufuku wa RADAR wa mu 2023 adapeza kuti 25 mwa 100 alionse amene adatsitsiridwa mankhwala pang'onopang'ono adadwalanso kwambiri m'zaka ziwiri, pomwe mwa opitiriza adali 13.

Katsitsidwe kake nakonso n'kofunika. Mu 2019 akatswiri awiri a ku London, Mark Horowitz ndi David Taylor, adaonetsa kuti mamiligalamu omalizira a mankhwala okhumudwa amagwira ntchito yaikulu muubongo kuposa momwe kuchepa kwawo kumaonekera, choncho munthu akamayandikira kumapeto ayenera kutsitsa pang'ono kwambiri, kwa miyezi osati masiku. Wosiya mothamanga amamva chizungulire, kusowa tulo ndi kukwiya msanga m'masiku ochepa, zizindikiro zomwe n'zosavuta kuzisokoneza ndi kubwerera kwa matenda. Kuno, komwe famase imakhala ndi piritsi la mlingo umodzi wokha, kutsitsa kotereku kumathera pa kuswa piritsi ndi lezala.

Chomwe madotolo ambiri amagwirizana n'chakuti nthawi ya chipwirikiti si yoyeserera kusiya. Mwezi wa ukwati, wa mayeso, wa kusamuka kapena wa maliro si woyenera kutsitsa mankhwala, pokhapokha pali chifukwa chokakamiza monga valproate ndi pathupi. Nawonso mankhwala sayenera kukwezedwa pa chisoni chilichonse. Namfedwa amene akulira mwamuna wake, kapena bambo amene ntchito yamuthera, kawirikawiri amafunika womumvetsera kuposa piritsi loonjezera. Njira ya uphungu ya Friendship Bench, yomwe adayambitsa Dixon Chibanda ku Harare pogwiritsa ntchito agogo ophunzitsidwa, yayesedwa kale m'zipatala zina za m'dziko muno. Osala kudya, kaya pa Ramadan kaya pa mapemphero a mpingo, nthawi zambiri amangofunika kusinthiridwa ola lomwera, kupatula omwa lithium, omwe kuchepa kwa madzi m'thupi kungawavulaze.

Zambiri mwa zomwe unduna wa zaumoyo ungachite sizikufuna nyumba zatsopano. Funso limodzi lokhudza mankhwala a muubongo ndi khunyu lingathe kulowa m'mafunso omwe amafunsidwa kale kusikelo, kolera, kukiliniki ya ma ARV ndi ya TB. Kalata yosamutsira wodwala ingakopedwe ku dongosolo la ma ARV. Kupereka mankhwala a miyezi ingapo n'kotheka kwa amene akhazikika, ngakhale apa pafunika kusamala kuposa pa ma ARV: amitriptyline akamwedwa ochuluka nthawi imodzi amaimitsa mtima, ndiye kupatsa munthu amene ali ndi maganizo ofuna kudzipha botolo la miyezi itatu n'kumuika pangozi. Pamenepa mpofunika gadiyani wodalirika wosunga mankhwalawo, yemwe wodwalayo wamusankha yekha, mogwirizana ndi mzimu wa lamulo latsopanoli.

Pakadalipano udindo waukulu watsalira wodwala ndi abale ake. Amene akudziwa kuti akusamuka, akulowa m'banja kapena akufuna mwana, afike kukiliniki kudakali mwezi kapena kuposerapo, apemphe kuti dzina la mankhwala, mlingo wake ndi tsiku la jakisoni womaliza zilembedwe m'zilembo zowerengeka, afunse chipatala chomwe akalandirire kumene akupitako, ndipo tsambalo alijambule pafoni n'kutumizira m'bale mmodzi amene amamukhulupirira.